Lata la pansi pa Hilux likungoboka ndikamawotcherera, ndikulakwitsa pati?

WaChilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Toyota Hilux ya 2007, ija ya injini ya D-4D. Ntchito zilipo zitatu ndipo ndikufuna kuzigwirira pakhomo: kutseka pamene padyeka ndi dzimbiri pansi pa mapazi a dalaivala, kupanga kaliyala wa kumbuyo wonyamulira mapaipi ndi matabwa, komanso kumangirira chokokera ngolo ku chesisi. Makina owotcherera ndili nawo ndi a rodi, inverter yolembedwa 200A, ma rodi ndi a mtundu wa 6013 a 3.2mm. Pa ma square tube a kaliyala zikuyendako, koma pa lata la pansipo ndikangokhudza basi dzenje. Ndikati nditseke, dzenjelo likukulirakulira. Ndatsitsa mpaka 70A, rodi ikungomata. Vuto ndi makina kapena dzanja langa?

Mjomba_Sipanala:
Vuto ndi rodi, achimwene. Rodi ya 3.2 pa lata la galimoto kuli ngati kusenda mbatata ndi nkhwangwa.

Chitsulo_Chatentha:
A Mjomba anena zoona koma afupikitsa. Lata la bodi ya galimoto limakhala pakati pa 0.7mm ndi 1mm. Rodi ya 3.2mm imafuna 90A mpaka 130A kuti iyake bwino. Ndiye onani msampha umene muli: mukaipatsa moto umene ikufuna, lata limasungunuka lonse, mukatsitsa kuti lata lipulumuke, rodi siyaka, imamata. Palibe nambala yapakati imene ingakupulumutseni. Rodi isanenepe kuposa chitsulo chimene mukuwotcherera, ndipo yanuyo yanenepa katatu kapena kanayi.

Ngati mulibe makina ena, pezani 6013 ya 2.0mm, ndipo mukaipeza ya 1.6mm ndiye bwino koposa. Ya 2.0mm iyambireni pa 40A mpaka 50A, ya 1.6mm pa 25A mpaka 40A. Sinthaninso zingwe: chogwirira rodi chipite ku negative, earth (chingwe cholumitsa pa chitsulo) ipite ku positive. Mukatero moto sulowa kwambiri m'chitsulo. Komabe musayembekeze kukoka mzere wautali. Pa lata lotere timangodontheza: kukhudza, kadontho kamodzi, kuchotsa dzanja, kudikira kufiira kuthe, kugogoda slag (chikhokho chouma chotsala pamwamba pa kadontho), kenako kadontho kena kutali ndi koyambako.

Nachisale_W:
Ine sindikugwirizana ndi zowalimbikitsa pa rodi. Inde zimatheka, koma kadontho kalikonse kamasiya slag, ndipo mukaphonya kuichotsa imakwiririka pansi pa kadontho kotsatira. Pamenepo pamakhala timabowo tosaoneka, madzi amalowa, chaka chamawa dzimbiri labwerera pomwepo. Lata la bodi ndi ntchito ya MIG, makina aja otulutsa okha waya kudzera mu tochi, gasi akutchinga mpweya. Abwereke kapena achite hayala kwa masiku awiri, rodi aisungire kaliyala.

Mjomba_Sipanala:
Amayi, MIG yo muwagulira ndinu? Nanga botolo la gasi?

Nachisale_W:
Ndati kubwereka, bambo. Werenganinso.

WaChilomoni:
Mlamu wanga ali ndi ka MIG kaja kosafuna gasi, waya wake ndi wa 0.8mm. Kangathandize?

Chitsulo_Chatentha:
Kangathandize kuposa rodi, koma dziwani khalidwe lake. Wayayo ndi flux core, mankhwala otchinga mpweya ali m'kati mwake. Amatentha kwambiri kuposa waya wamba, amamwaza timibulu tambiri, ndipo nayenso amasiya slag. Pa lata la 1mm mutha kulimbana naye, pa 0.8mm mudzaboolabe kangapo. Onetsetsani izi musanayambe: tochi ikhale pa negative, chifukwa anthu ambiri amaisiya pa positive kenako n'kumadandaula kuti makina akulavula. Gudumu lokankha waya likhale lija la timano, ndipo musalimange kwambiri chifukwa wayayo ndi wamphako, amaphwanyika. Waya atuluke 12mm mpaka 15mm kuchokera ku tip (kansonga ka tochi kotulukira waya). Poyendetsa muzikoka tochi, osakankha, kuti slag izitsalira m'mbuyo.

Ngati makinawo ali ndi polowetsa gasi kumbuyo, nkhani yasintha. Gulani waya wa ER70S-6 wa 0.6mm, tip ya 0.6mm, tembenuzani gudumu ku mzere wa 0.6, tochi ibwerere pa positive. Poyambira: 15V mpaka 16V, waya aziyenda mamita 3.5 pa mphindi, atuluke 6mm mpaka 10mm. Pafupifupi 40A pa milimita iliyonse ya chitsulo. Yesani kaye pa zidutswa za lata lomwelo, osati pa galimoto. Tembenuzani chidutswacho muone kuseri: pakuyenera kuoneka kachotupa kakang'ono kosonyeza kuti moto wadutsa. Ngati kuseri kuli see, kadontho kangokhala pamwamba, onjezerani moto.

Kamba_wa_Zomba:
Pa gasi ndionjezereko. Wabwino pa lata ndi wosakaniza argon ndi CO2, monga 80 pa 20 kapena 75 pa 25. CO2 yekha ndi wotchipa ndipo amagwira ntchito, koma amalowetsa moto kwambiri ndiponso amamwaza, choncho pa lata lopyapyala mumavutika naye pang'ono. Tsegulani malita 8 mpaka 10 pa mphindi, kupitirira apo mukungotaya ndalama, ndipo gasi wothamanga kwambiri amakoka mpweya wakunja n'kuulowetsa m'chowotcherera. Pabwalo pa nyumba mphepo imauluza gasi, ndiye tchingani ndi malata kapena bulangeti lonyowa. Mukaona timabowo ngati chisa cha njuchi pa mzere wanu, gasi sakufika: mwina mphepo, mwina nozzle yadzaza timibulu, mwina chitsulo n'chakuda.

Chinanso, pali ena amatenga botolo la chozimitsira moto la CO2 n'kulumikiza regulator. Botolo limenelo lili ndi kapaipi kofika pansi, kotero limatulutsa CO2 wamadzi osati wampweya. Regulator imauma ndi chisanu n'kuwonongeka. Musatero.

Dzimbiri_Sagona:
Nonse mukukamba za makina, koma palibe wafunsa kuti chigambacho achidula kuchokera ku chiyani. A WaChilomoni, mukufuna kutseka ndi chiyani?

WaChilomoni:
Ndili ndi zotsala za malata a denga.

Dzimbiri_Sagona:
Ndimadziwa. Zisiyeni. Malata ambiri a denga safika ndi theka la milimita lomwe, ndiponso ndi opakidwa zinki. Zinki ikapsa imaphulitsa kadontho, imasiya timabowo, ndipo utsi wake woyera uja umadwalitsa: usiku wake kuzizidwa, mutu, thupi kuphwanya ngati malungo. Pitani kwa ogulitsa zotsala za magalimoto mukagule boneti kapena chitseko chophwanyika, mudulepo chigamba. Kapena gulani lata lakuda losapakidwa kanthu la 1mm.

Kenako dulani dzimbiri lonse. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Pamene mukuona bowo la masentimita 5, lata lofooka lafika masentimita 15. Palani ndi grinder mpaka chitsulo chiwale, bayani ndi screwdriver mozungulira, paliponse pobonyoka padulidwe. Kuwotcherera pa lata lodyeka n'kosatheka ngakhale mutakhala ndi makina a mtengo wanji, chifukwa pamenepo latsala mwina 0.3mm. Mwinanso theka la mabowo amene mukudandaula nawo likuchokera pamenepa. Jambulani bowolo pa katoni, dulani chigamba motsatira katoniyo, ngodya zikhale zozungulira chifukwa ngodya yakuthwa imasonkhanitsa kutentha n'kuboka. Mpata pakati pa chigamba ndi bodi usapitirire theka la milimita. Palani penti ndi phula la pansi masentimita atatu mbali zonse, pamwamba ndi pansi pomwe.

Mjomba_Sipanala:
Za utsi wa zinki musawaopseze. Kapu ya mkaka mukamaliza, nkhani yatha.

Nachisale_W:
Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo. Zikumana kuti? Imwani mkakawo chifukwa mumaukonda, koma zinki ipalidwe isanawotchedwe, ntchito ichitikire pamalo podutsa mpweya, ndipo mutu usakhale pamwamba pa utsi.

Mjomba_Sipanala:
Ndiye munenanso kuti mbatata ya kachewere pa maso opsa ndi kuwala kowotcherera siyithandiza?

Nachisale_W:
Imaziziritsa zikope basi, monga nsalu yonyowa. Diso lapsa ndi kuwala, ndipo limamva ngati muli mchenga pakapita maola angapo. Limapola lokha m'tsiku limodzi kapena awiri, koma likapitirira apo kapena mwalowa kachitsulo, pitani kuchipatala, musalitikite. Galasi la chipewa chowotcherera la nambala 10 likukwanira pa ntchito zonse zitatuzi, 11 mukakwera kupitirira 100A. Kudontheza mukutsinzina kapena kutembenuza nkhope ndi kumene kumapweteketsa anthu, chifukwa madontho a chigamba chimodzi amakwana mazana. Apa chipewa chija chodetsa chokha chimathandiza kwambiri, manja onse awiri amakhala pa tochi.

Kamba_wa_Zomba:
Poti tili pa za utsi: musapukute chitsulo ndi brake cleaner musanawotcherere. Mitundu ina ili ndi chlorine, ndipo ikakumana ndi moto wa arc (moto wa magetsi wowotcherera) imatulutsa phosgene, mpweya wakupha ngakhale utachepa. Pukutani ndi acetone, dikirani iume, botolo ndi kansaluko muziike kutali.

Chitsulo_Chatentha:
Tibwerere ku chigamba. Dongosolo la madontho ndi limene limapangitsa kuti lata lisapindike. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimakhwinyata kuposa mmene chinalili, ndiye chimakoka lata lozungulira. Gwirizitsani chigamba ndi maginito, ikani madontho anayi m'mbali zinayi, onani ngati chili chofanana ndi bodi, konzani ndi hamala pomwepo. Kenako kadontho pakati pa awiri alionse, mukudumphadumpha mbali iyi ndi iyo, mpaka atatalikirana masentimita awiri kapena atatu. Mukafika apo yambani kulumikiza: kadontho katsopano kakwere theka la kakale. Kalikonse ndi theka la sekondi kapena sekondi imodzi. Dzanja lopanda gulovu likalephera kukhala pa lata masentimita 5 kuchokera pa mzere, imani kaye. Osathira madzi.

Pa mabowo amene mwaboola kale, pezani paipi ya kopa ya madzi, muiphwanye ndi hamala ikhale yafulati, muigwirizitse kuseri kwa bowo. Chitsulo chosungunuka sichimata pa kopa, ndipo kopayo amamwa kutentha. Yambirani m'mphepete mwa bowo kulowa pakati.

Popala gwiritsani flap disc (chimbale cha grinder cha timapepala ta sandpaper) ya 60 kapena 80, pang'onopang'ono. Grinder nayo imatenthetsa lata mpaka kulipinda, ndipo ikatsetsereka imadya lata la m'mbali m'malo mwa mzere. Pansi pa kapeti palibe adzaone, choncho musapale mpaka kufafaniza.

Dzimbiri_Sagona:
Kwa munthu wongoyamba, ine ndikanati asalimbane ndi kulumikiza mlomo ndi mlomo. Pansi pa mapazi si pa chitseko. Chigamba chikule masentimita awiri kuposa bowo, aboole mabowo a 6mm kapena 8mm m'mphepete mwake motalikirana masentimita atatu, achikhazike pamwamba, adzaze mabowowo kuyambira pakati pa lata la pansi. Malata awiri osanjikizana saboka msanga.

Nachisale_W:
Saboka, koma pakati pa malata awiriwo ndi pogona madzi. Dzina lanu lomwe likukutsutsani, a Dzimbiri.

Dzimbiri_Sagona:
N'chifukwa chake pamapakidwa weld-through primer (penti woteteza dzimbiri amene mutha kuwotchererapo) pakatipo musanasanjikize, ndipo mukamaliza seam sealer (phala lomata m'malumikizo) mbali zonse ziwiri, kenako penti, kenako phula la pansi. Fakitale yomwe imalumikiza bodi mosanjikiza chomwecho. Chofunika kwambiri, apeze kumene madzi ankalowera. Kawirikawiri ndi labala ya galasi la kutsogolo, labala ya chitseko, kapena ngalande za pansi pa ma wiper zatsekeka ndi masamba. Mukapanda kutseka kumeneko mudzadulanso chigamba china.

Gogo_wa_Gasi:
Ana inu mwaiwala kuti magalimoto ankakonzedwa MIG isanafike. Oxygen ndi acetylene, nozzle yaing'ono, lawi losachuluka oxygen kapena acetylene, waya wa 1.6mm, chigamba chatheka ndipo mzere wake ndi wofewa, umamvera hamala.

Chitsulo_Chatentha:
Zoona agogo, m'manja mwa katswiri gasi amatulutsa ntchito yokongola. Koma amatenthetsa malo aakulu, lata limapindika kwambiri, ndipo lawi lili pafupi ndi mapaipi a dizilo ndi mawaya kwa nthawi yaitali. Kwa wophunzira pakhomo, ayi. Amene akugwiritsa ntchito, akhale ndi ma flashback arrestor (zotsekera moto kuti usabwerere m'mapaipi), ndipo girisi kapena oilo asayandikire regulator ya oxygen.

Fyuzi13:
Palibe wanena za magetsi a galimoto, ndipo D-4D ili ndi kompyuta. Zimitsani, chotsani kiyi, masulani negative ya batire poyamba, kenako positive. Dikirani masekondi osachepera 90 musanakhudze chilichonse cha airbag. Earth ya makina ilume chitsulo chopalidwa, pa lata lomwelo limene mukuwotcherera, pafupi ndithu. Mukaiika pa bampala kapena pa gudumu, magetsi amadzifunira njira kudzera m'ma bearing, m'mahinji ndi m'timawaya ta earth, ndipo zimenezi zimapsa mwakachetechete. Mawaya amene adutsa m'mphepete mwa chitseko muwamasule n'kuwakankhira kutali. Bokosi lililonse la kompyuta limene lili pafupi ndi pamene mukuwotcherera lizulidwe pulagi.

Za moto: mpando utuluke, kapeti atuluke, phula lomatidwa pansi lipalidwe. Lowani kunsi muone kumene kwadutsa mapaipi a mabuleki ndi a dizilo, mutchinge ndi lata. Magalasi aphimbidwe ndi katoni, chifukwa timoto ta grinder timamatirira pa galasi ndipo sitichoka. Pakhale munthu wachiwiri woyang'ana kunsi ali ndi chozimitsira moto. Mukamaliza musachoke kwa theka la ola, phula limanyeka mobisa.

WaChilomoni:
Zikomo kwambiri. Funso lina, ndikakweza kupitirira 100A pa kaliyala, fyuzi ya pulagi ikupsa. Ekisitenshoni yanga ndi ya mamita 30.

Fyuzi13:
Pulagi ya mano atatu ija malire ake ndi 13A, pa 230V ndi pafupifupi 3kW. Inverter wamba ikamatulutsa 100A imatha kukoka 16A kapena kupitirira kuchokera ku khoma. Fyuzi ikuchita ntchito yake. Musaikulunge ndi waya kapena pepala la siliva la mu paketi ya fodya, mudzawotcha soketi. Itanani wa zamagetsi akuikireni soketi ya buluu ya 16A kapena 32A yokhala ndi breaker yakeyake. Ekisitenshoni ikhale ya 2.5mm² kapena 4mm². Pa mamita 30 ndi 16A, waya wa 1.5mm² amataya pafupifupi 14V, wa 2.5mm² pafupifupi 9V, wa 4mm² pafupifupi 5V. Magetsi akakhala otsika kale madzulo, kutaya 14V kumachititsa rodi kumata ngakhale nambala ili bwino. Tambasulani chingwe chonse, chokulungidwa chimatentha. Pa jenereta, musayese yochepera 6kVA, ndipo ikhale ya AVR (chipangizo choletsa magetsi kukwera ndi kutsika).

Onaninso kachikwangwani ka kuseri kwa makina. 200A ija nthawi zambiri ndi ya mphindi ziwiri kapena zitatu pa mphindi 10 zilizonse.

Mjomba_Sipanala:
Komanso 100A pa kaliyala mukuifuniranji? Square tube yanu ndi yonenepa bwanji?

WaChilomoni:
40 x 40, khoma lake 2mm.

Mjomba_Sipanala:
Ndiye 6013 ya 2.5mm pa 65A mpaka 75A, fyuzi yanu ipuma. Arc ikhale yaifupi, rodi yopendekera pang'ono kumene mukupita. Mukaona slag ikuthamangira kutsogolo kwa rodi, pendeketsaninso kapena onjezerani 5A, apo ayi mupeza mzere wogawanika pakati, chitsulo uku ndi uku, slag pakati. Pangirani kaliyalayo pansi pa simenti yosalala, osati pa galimoto. Dontheza ngodya zonse kaye, yezani kuchokera ngodya iyi kufika yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri zifanane, kenako wotchererani mosinthanasinthana. Mukamaliza mbali imodzi yonse musanapite kwina, fulemu imakokera komweko. M'ngodya za pamwamba ikani timapuleti ta makona atatu ta 3mm, chifukwa chimathyola kaliyala si kulemera kokha, ndi kugwedezeka pa msewu wafumbi komanso katundu kukankhira kutsogolo mukaponda buleki. Tsekani milomo ya ma tube, koma pansi pa mwendo uliwonse siyani kabowo ka 5mm kotulutsira madzi.

Nachisale_W:
Apa a Mjomba ndagwirizana nanu, lembani tsiku. Ndingowonjezera kuti kaliyalayo asawotchereredwe ku bodi. Miyendo ikhale ndi mapuleti a 5mm, mabawuti a M10 a giredi 8.8, ndi puleti ina kunsi yogawa kulemera, apo ayi bawuti imang'amba lata. Mangani pafupifupi 45Nm pa sipanala yoyezera mphamvu, ndi manati a nyloc, aja a pulasitiki m'kati osamasuka okha.

Kamba_wa_Zomba:
Yatsala ntchito yachitatu, ndipo iyi ndi imene ikundidetsa nkhawa. Chokokera ngolo sichiwotchereredwa ku chesisi. Chimamangidwa ndi mabawuti pa mabowo amene alipo kale kumapeto kwa chesisi. Chesisi imapindika pang'ono nthawi zonse galimoto ikamayenda, ndipo m'mphepete mwa mzere wowotcherera ndi momwe mng'alu umayambira, makamaka mzere wodutsa chopingasa pamwamba kapena pansi pa chesisi, pamene pali mphamvu yochuluka. Pamenepo musawotchererepo, musaboolepo. Mabawuti akhale M12 a 8.8, omangidwa pafupifupi 80Nm, ndipo pamene bawuti ikudutsa chesisi ya bokosi muikemo kapaipi m'kati kuti makoma asaphwanyike mukamanga.

Chokokeracho pachokha, ngati mukuchipanga nokha, ndi chitsulo cha 6mm kupita m'mwamba, m'mphepete mosongoledwa ngati V, rodi ya 7018 pa positive, osati 6013. Ndipo 7018 imafuna kuuma. Ikamwa chinyezi imalowetsa hydrogen m'chitsulo, mng'alu n'kudzatuluka pambuyo pake. Kuiyanika padzuwa sikuthandiza, imafuna uvuni wa madigiri opitirira 300. Gulani paketi yaing'ono yomata, mutsegule tsiku la ntchito.

Gogo_wa_Gasi:
Kunena mosapsatira, munthu amene sabata ino akuboola lata asapange chokokera ngolo sabata yamawa. Kaliyala akathyoka mutaya matabwa. Ngolo ikamasuka pa Zalewa ipita kwa anthu. Gulani chopangidwa kale cha Hilux, chili ndi kachikwangwani ka kulemera kwake, inu mungomanga mabawuti.

WaChilomoni:
Ndamva agogo, chokokeracho ndigula. Ndayang'ana makina a mlamu, polowetsa gasi palipo kumbuyo. Ndiye ndifunefune waya wa 0.6mm. Spool yake ndi yaing'ono ija, ya 1kg ikwanira?

Chitsulo_Chatentha:
Ikwanira n'kutsala, ngakhale mutawononga theka poyeserera. Tengani ma tip atatu kapena anayi, chifukwa waya wa 0.6mm amakonda kupsera ku tip mukayandikiza kwambiri. Chingwe cha tochi chikhale chowongoka pogwira ntchito, waya woonda chonchi amapindikira pa gudumu chikangokhota. Mukamaliza tsiku, chotsani spool muikulunge mu pulasitiki, ikachita dzimbiri imatseka liner, kapaipi kodutsa waya m'kati mwa chingwe cha tochi.

Dzimbiri_Sagona:
Ndipo musanadule kalikonse, kwezani kapeti wa mbali ya pasenjala muonenso kumeneko.